Eneya Makina ndi Masamu a Ulangizi

Eneya Makina adabwera kuchokera ku nkhondo m'chaka cha 1946 ali ndi jombo, chijasi cha usilikali ndi khutu limodzi lolira. Khutulo lidali lakumanzere. Mizinga ya ku Burma idasiyamo kaphokoso konga ka nyenje, ndipo dzuwa likafika paliwombo kaphokosoko kankakula mpaka mutu kuyamba kuwawa.

Makolo ake adali Alomwe ochokera kwa Apwitikizi. Adawoloka malire iye ali kumbuyo, nadzamanga m'tsinde mwa phiri la Michesi, kufupi ndi Fort Lister. Kumeneko adaphunzira pa kasukulu ka mishoni mpaka Sitandade 3, kenaka adalowa usilikali. Chingerezi chake adachitola ku nkhondo komweko, chingerezi cha malamulo ndi cha zolembedwa pa mabokosi a zipolopolo.

Atabwerako adakwatira Belita wa kwa Kaduya, nakakhala chikamwini kwawo kwa mkaziyo. Apongozi ake aakazi, mayi Enelesi, adamulozera munda wa m'chigwa. Dothi lake lidali lakuda la makande, lomwe m'chilimwe limang'ambika ming'alu yolowa phazi, m'dzinja n'kumakakamira ku khasu. Eneya sadali waulesi. Adalima chaka choyamba osadandaula. Koma thupi lake lidali litatopa kale ndi kusenza katundu m'nkhalango za eni, ndipo akaweramuka kumapeto kwa mzere n'kuyang'ana chigwa chonse chili yalaa mpaka kumene maso alekeza, ankaona ngati moyo wake wonse wayalidwa pamenepo, mzere ndi mzere, mpaka tsiku lomuika m'manda.

Tsiku lina ku msika wa Phalombe adakumana ndi Sulemani, mnzake wa ku nkhondo, yemwe tsopano ankasoka zovala pakhonde la sitolo.

"Iwe Makina, wamva?" adatero Sulemani osaleka kupalasa makina ake. "Boma likufuna alangizi a zaulimi. Mayeso akulembetsa ku boma ku Mulanje. Akuti ife a ku nkhondo tikuloledwa kulemba ngakhale sitinafike Sitandade 6."

"Nanga iwe ukalemba?"

"Ine? Dzina langa lomwe ndimalilemba mopingasa. Koma iwe unkatiwerengera zikwangwani kuja. Kayese."

Mayesowo adali a zaulimi, Chingerezi ndi masamu. Zaulimi Eneya sadaziope. Chingerezi adati alimbana nacho. Masamu ndiwo adamutuma kutsidya la mtsinje wa Phalombe, kwa a Julius, mphunzitsi wachikulire yemwe adapuma ntchito chifukwa cha maso. Adagwirizana kuti Eneya aziwadulira nkhuni ndi kuwafolerera denga, iwo azimuphunzitsa masana akachoka kumunda.

A Julius adamuyesa kuphatikiza, kuchotsera, kuchulukitsa ndi kugawa, napeza kuti zimenezo sizidathawe. Atatero adamupatsa sileti yothyoka ngodya.

"A Makina, pali mtundu umodzi wa masamu umene azungu olemba mayeso amaukonda ngati tiyi," adatero. "Amati reshiyo ndi puloposhoni. Mukagonjetsa amenewo, yunifolomu mwavala. Lembani. Matumba khumi ndi anayi a mbewu agawidwe kwa midzi iwiri, mwakuti mudzi woyamba ukalandira atatu, wachiwiri uzilandira anayi. Mudzi uliwonse upeza angati?"

Eneya adayang'ana siletiyo nthawi yaitali.

"Bwanji osangowapatsa asanu ndi awiri, asanu ndi awiri, Aphunzitsi? Zinazo zibutsa ndewu."

"Ndewuyo si yanu. Phatikizani atatu ndi anayi, muone kuti magawo onse alipo angati. Kenaka mupeze kuti gawo limodzi ndi matumba angati."

Pang'ono ndi pang'ono Eneya adafika pa asanu ndi limodzi, ndi asanu ndi atatu. Zimenezo adazigwira msanga. Adagwiranso zija zoti maekala akachuluka, mbewu yofunika ichulukanso. Adabwerera kunyumba tsiku limenelo akuimba mluzu, nauza Belita kuti ntchito ya boma ili pafupi.

Khoma adaligunda sabata yotsatira.

"Amuna asanu ndi mmodzi akumba ngalande masiku khumi ndi awiri," adatero a Julius. "Amuna asanu ndi anayi adzakumba ngalande yomweyo masiku angati?"

Eneya adachita monga adachitira ndi maekala, napeza masiku khumi ndi asanu ndi atatu. A Julius adayandikitsa sileti ku diso lawo labwinoko, naseka mpaka kutsokomola.

"Anthu awonjezeka, masiku awonjezekanso? Akukumba kapena akumwa mowa?"

"Aphunzitsi, ine ngalande ndakumbapo, ndi anthu ambiri zedi. Mukachuluka, wina amadwala m'mimba, wina amabisala kuseri kwa chulu, mafosholo sakwana."

"Amuna a m'masamu sadwala, a Makina. Alibe m'mimba, alibe maliro, sasuta fodya. Yankho ndi masiku asanu ndi atatu. Fufutani tiyambenso."

A Julius akamafotokoza, zonse zinkamveka bwinobwino. Koma Eneya akangowoloka mtsinje n'kukhala yekha, manambala ankasinthana malo. Iyi ikhale pamwamba kapena pansi? Apa n'pochulukitsa kapena pogawa? Sileti idali yaing'ono, choncho ankalemba ndi khala pansi pakhonde, kuyambira pakhomo mpaka pangodya. Nthawi yake idali masana okha, dzuwa likuswa mtengo, msana ukuwawa ndi khasu la m'mawa, khutu lija likulira. Kawirikawiri Belita ankamupeza atagona chokhala, khala lili m'manja, mwana wawo Peggy akukwawa pa manambala n'kumadya makalawo. Loweruka lililonse Belita ankazira khondelo ndi dothi latsopano, Lolemba n'kulipeza ladanso.

Munda udayamba kutsalira. Anthu ena akamabwerera kukapalira madzulo, Eneya ankakhala ali kutsidya, pena akuphunzira, pena akudula nkhuni za aphunzitsi. Belita ankapita yekha, mwana kumbuyo.

Mwambo sunkalola kuti mayi Enelesi ayankhulane ndi mkamwini wawo maso ndi maso, koma mawu adali ndi njira zake. Ankaima kuseri kwa nkhokwe n'kumayankhula ndi mbuzi mokweza.

"Inu mbuzi inu, mukufuna udzu? Pitani m'munda mwa Belita, ulipo wofika m'chiuno. Eni khasu ali ku ofesi, akulembera Bwanamkubwa."

Eneya ankamva ndi khutu lake labwino lija, n'kungoweramira pansi.

Mayeso oyamba adakalemba m'mwezi wa Okutobala, chaka cha 1948. Adayenda pansi kuzungulira phiri mpaka ku boma, atavala jombo zake zopukuta bwino. M'chipindamo adapezamo anyamata ongotuluka kumene Sitandade 6, a manja osalala, akuseka ndi kufunsana mafunso m'Chingerezi. Denga lidali lamalata ndipo kunkatentha ngati m'ng'anjo. Mzungu woyang'anira ankayenda uku ndi uku, nsapato zili gu, gu, gu. Mafunso oyamba Eneya adawayankha. Kenaka adafika pa funso la asilikali a mu linga omwe adali ndi chakudya cha masabata angapo, ndipo ena atawonjezekamo ankafunsa kuti chakudyacho chitha liti. Adaliwerenga, naliwerenganso. Adalemba, nafufuta, nalembanso, pepala mpaka kubooka. Khutu lidalira kuposa kale lonse. Belu litalira adali adakali pa funso lomwelo, ena anayi asadawakhudze n'komwe.

Patapita milungu, mesenjala wa ku boma wodutsa pa njinga adamuuza ali m'munda kuti sadakhoze.

Chaka chimenecho mvula idagwa pang'ono poyamba, kenaka idadula. Chimanga chidafota chisadamasule. Chaka cha 1949 chisadathe, njala idali italowa m'nyumba iliyonse ya m'chigwa cha Phalombe. Sileti adaitsomeka kudenga. Eneya ankatsagana ndi amuna anzake kudzera pa mpata wa Fort Lister kupita kwa Apwitikizi, kukalima ganyu kuti alandire makaka, chinangwa chouma chija, n'kubwera nacho pamutu. Jombo zija adasinthitsa ndi dengu la mapira. Peggy adaonda n'kutsala mutu ndi maso, koma adapulumuka. Mwana wawo wachiwiri, wamwamuna, yemwe adabadwa pakati pa njalayo, sadafike pokwawa.

Mvula itabwerera, Eneya sadatchulenso za mayeso. Adali ataganiza kuti nkhaniyo yatha, ndipo mumtima mwake adamva ngati watula mtolo. Amene adaidzutsa ndi Belita. Adali akupalira limodzi m'mawa wina, mkaziyo ali patsogolo.

"Bambo a Peggy, sileti ija ikungodyedwa ndi mwaye."

"Isiyeni. Zija zidakanika."

"Zidakanika kamodzi." Belita adaimika khasu, natembenuka. Nkhope yake idali isadabwerere m'malo mwake chichokereni njala. "Ine ndidaona. Kwa amesenjala utsi unkatuluka tsiku ndi tsiku. Kwa akalaliki a kukhoti sikudatuluke maliro. Munda uwu umadikira mvula, koma boma silidikira mvula. Bwererani kwa aphunzitsi."

"Nanga munda? Nanga amayi?"

"Amayi ndilankhula nawo ine. Munda ndidaulimapo ndekha."

Eneya adaona kuti mkaziyo sakupempha, ndipo adadziwa kuti akuganiza za mwana wawo womwalira uja.

A Julius adawapeza atagona pamkeka pansi pa mtengo wa mango, miyendo itatupa, maso atatheratu. Sankaonanso sileti. Mafunso ankawatulutsa m'mutu, Eneya n'kumawawerengera zomwe walemba.

"Ndidakuphunzitsani molakwa poyamba paja," adatero mkuluyo ndi mawu otsika. "Ndidathamangira kukuuzani choika pamwamba ndi choika pansi. Tsopano pensulo ikani pansi. Musanalembe kanthu, dzifunseni funso limodzi: yankho likula kapena lichepa? Ng'ombe zachuluka, msipu ndi womwewo. Masiku akula kapena achepa?"

"Achepa."

"Ulendo watalika, liwiro ndi lomwelo. Maola?"

"Akula."

"Basi. Mukadziwa zimenezo, manambala apeza okha pokhala."

Sadapeze okha. Eneya adabwereza mafunso a mtundu umenewu miyezi ndi miyezi: amisiri omanga khoma, ng'ombe zodya msipu, mipope yodzaza thanki, njinga zopita ku Zomba. Ankawang'ung'udza polima, popita kukadula nsungwi kuphiri, ngakhale m'tchalitchi ulaliki ukatalika. Padalibe tsiku limene adadumpha n'kunena kuti lero zatseguka. Zidangolowa monga njira imapangikira pa udzu, chifukwa chopondapo kawirikawiri. Chimwemwe chija cha masiku oyamba sichidabwerenso. Ankapeza yankho, a Julius n'kuti "mwakhoza," iye n'kungoti "lina, Aphunzitsi," ngati munthu wosenza njerwa.

Ulendo wachiwiri masamu adakhoza koma Chingerezi chidamugwetsa. A Julius adamwalira m'nyengo ya chiperoni chaka chotsatira, ndipo Eneya adali m'gulu lokumba manda awo. Ulendo wachitatu, mu 1951, adapita wopanda womufunsa mafunso, wopanda jombo, tsitsi litayamba imvi m'mbali. Adakhoza.

Atamva, Belita adalulutira. Mayi Enelesi adapha tambala n'kutumiza m'mbale yovundikira. Eneya adadya, nathokoza, kenaka adakagona dzuwa likadali m'mwamba ndipo adadzuka mawa lake.

Adamutumiza ku maphunziro a miyezi ingapo, nabwerako ndi yunifolomu ya khaki, chipewa ndi chingwe choyezera. Adamupatsa midzi ya m'chigwa momwemo, kuphatikizapo wa kwa mkazi wake. Iye ankaganiza kuti ntchito ya mlangizi ndi kulangiza. Adapeza kuti masiku amenewo boma lidali litakhwimitsa malamulo a malimidwe. Kulima matutu, timilu ta dothi tobzalapo mbewu, kudaletsedwa. Munda uliwonse udayenera kukhala wa mizere yopingasa, yotalikirana mofanana, ndipo pamalo otsetsereka anthu adayenera kukumba milambala yotchinga madzi m'chilimwe, nthaka ili gwa ngati mwala. Wokana ankatengeredwa kukhoti. Woyenda ndi chingwe m'minda, woona amene wamvera ndi amene sadamvere, adali Eneya.

Pasadathe chaka, ana akamuona patali ankathamanga akufuula, "Akubwera a chingwe!" Amayi pachitsime ankadula nkhani akamadutsa. Pamaliro amuna ankamupatsa moni waulemu, kenaka mmodzimmodzi n'kusamukira pa mthunzi wina. M'tchalitchi benchi yake idayamba kukhala ndi malo ambiri.

Munda wa mayi Enelesi udali wa matutu okhaokha, pa tutu lililonse chimanga, nandolo, maungu ndi kalongonda. Eneya adatuma Belita kukawauza kuti bwana wa zaulimi adzayendera dera limenelo mvula isadagwe. Belita adabwerako msanga.

"Akuti amayi awo adalima matutu kwa Apwitikizi, iwonso alima matutu mpaka imvi, ndipo m'chiuno mwawo mulibenso mphamvu yoyamba zachilendo. Akuti ngati mkamwini akufuna kuwamanga, chingwe ali nacho kale."

Eneya adavula yunifolomu, naipachika pa msomali, natenga khasu. Mamawa aliwonse asadapite ku ntchito, ndi Loweruka masana, ankagumula matutu a apongozi ake n'kuunga mizere. Mayi Enelesi ankamuonera patali, osathokoza, osaletsa. Atamaliza, nkhalamba ina yamasiye ya munda woyandikana idabwera n'kukhala pansi m'malire, ikungomuyang'ana. Adalimanso wa nkhalambayo. Koma midzi idali yambiri, nkhalamba zidali zambiri, ndipo iye adali ndi msana umodzi. Bwana ankafuna maina a okana malamulo. Mlangizi wosabweretsa dzina ankaoneka kuti sakuyenda m'minda.

Adapereka maina. Limodzi lidali la Goliati, bambo wa ana ambiri yemwe adayenda naye ulendo wa makaka nthawi ya njala, n'kumwera naye chikho chimodzi panjira. Goliati adali atakana kukumba mlambala, nanena pamaso pa anthu kuti sangathyole khasu lake pa nthaka youma chifukwa cha chingwe cha mzungu. Adakagwira ukaidi mwezi wathunthu. Atatuluka adakumana ndi Eneya pa kanjira kopapatiza ka m'dambo. Eneya adapatuka, nati, "Mwabwerako, achimwene?" Goliati adadutsa ngati padalibe munthu.

M'zaka zimenezo kunyumba kudabadwanso ana ena. M'mawa wina m'nyengo yokolola, Belita adapeza nandolo wawo yense atatchetchedwa ndi chikwanje, ali lambalamba pansi asadakhwime. Sadalire mokweza. Adatola nthambi zingapo, nabwera nazo kunyumba, naziika pamapazi pa mwamuna wake.

"Ndine ndidakutumani," adatero.

"Simudalakwe. Ana akudya."

"Akudya, koma akusewera okha. Peggy anzake akumuthawa."

"Ndikudziwa."

"Musiya?"

Eneya adayang'ana manja ake. Adali ndi zikang'a zokhuthala kuposa za nthawi imene adali mlimi wamba.

"Ndikasiya, chilala chikabweranso tidzaloza kuti? Ndipo ndikasiya abweretsa wina wochokera kutali, wosadziwa kuti uyu ndi wamasiye, uyu akudwala chifuwa. Koma ndatopa, mayi a Peggy. Ndatopa kuposa ku Burma."

Sadasiye. Adapirira zaka zina ziwiri, akupempha mobwerezabwereza kuti amusinthe, ponena za khutu lake lomwe tsopano lidali litagontheratu, ngakhale kulira kokha sikudaleke. Pomaliza, mu 1956, adamutumiza ku nazale ya mitengo ya boma m'mbali mwa phiri la Mulanje, kumtunda kwa Fort Lister, kufupi ndi kumene adakulira. Udindo udali wotsikirapo ndipo anzake a ntchito adamuseka kuti wadzigwetsa yekha. Ntchito yake idali kuyang'anira amuna ochepa ofesa mbewu za paini, kuthirira mbande ndi kuzitchingira dzuwa ndi udzu. Kumeneko kunkazizira, nkhungu inkatsika masana, ndipo tsiku linkatha osakangana ndi munthu.

Belita sadasamuke. Munda ndi manda a mwana wake zidali kwa Kaduya, mayi ake adali atakalamba, ndipo anthu adayambanso pang'onopang'ono kumuitana kokasinja ndi kokaphika pamaliro. Eneya ankagona m'kanyumba ka pa nazale, n'kumatsika Loweruka atanyamula mtolo wa nkhuni za kuphiri. Ankafika dzuwa litapendeka, n'kutula nkhunizo kuseri kwa nyumba, kusamba, n'kufunsa za mbuzi ndi za sukulu ya Peggy. Lamulungu akabwerako ku tchalitchi ankayala mkeka pansi pa mtengo wa mbawa n'kugona, khutu labwino atalitsamira pansi kuti asamve kanthu. Belita ankatenga ana n'kupita nawo kwa mayi ake, ndipo aliyense wobwera kudzafuna a Makina ankamubweza ali kumsewu, n'kumuuza kuti abwere sabata yamawa.